Nsanza za Mafuta

1. Usiku si wakuda

Tsiku limene chithunzi cha Mawanga chinayamba kuoneka ngati msewu weniweni, mtsikanayo anapuma mpweya wautali mpaka Mayi a Zithunzi anacheuka kuti aone ngati wadwala. Sanadwale ayi. Mtima wake unali utangokhala pansi, atalimbana ndi chithunzi chimenecho kwa nthawi yaitali.

Mawanga silinali dzina lobadwa nalo. Analipeza chifukwa cha madontho a utoto amene sankachoka pazigongono pake, ndipo linamukakamira moti ngakhale amayi ake ankamuitana choncho pomutuma kukagula sopo. Anali mtsikana wa kusekondale. Akaweruka, komanso Loweruka lililonse, ankapita ku chipinda china chakuseri kwa sitolo ya zitsulo, kumene mayi wina wachikulire ankajambula zithunzi ndi utoto wa mafuta. Anthu onse a mumsewumo ankangowatchula kuti Mayi a Zithunzi.

Malo amenewo Mawanga sanawapeze mophweka. Bambo ake, omwe anali telala, anakana kaye kwamtuwagalu. Ankati zojambula ndi masewera a ana a anthu olemera, mwana wa telala aziwerenga mabuku. Tsiku limene anavomera, anavomera chala chili m'mwamba. Anati akangomva chovuta chimodzi chokha chochokera ku chipinda chimenecho, maburashi onse apita kudzala ndipo nkhani yathera pomwepo.

Ndiye mwana wawo nayenso, mutu wake ndi wa bambo ake womwewo. Ena akamaphunzira kujambula amayamba ndi kapu, kapena nthochi zili pambale. Iye ayi. Anafuna msewu waukulu wa kwawo magetsi atayaka, ndi mabasi ake, masitolo ake, ndi anthu othamangira kunyumba.

Ulendo woyamba anapaka chinsalu chonse utoto wakuda bii, n'kudonthezapo timadontho tachikasu. Chimene chinatuluka chinali ngati kunsi kwa poto. Mayi a Zithunzi anachiyang'ana, anaseka mpaka kupukuta misozi ndi epuloni, kenako anamukhazika pansi.

"Mwana wanga, amene anakuuza kuti usiku ndi wakuda anali atatsinzina. Utoto wakudawo ubweze m'bokosi. Dzuwa likalowa ukayang'ane khoma la sitolo ya mankhwala ija. Pafupi ndi babu ndi lachikasu, ukatalikirako pang'ono limafiirira, ukafika kumthunzi limakhala buluu wozama. Mdima uli ndi mitundu yake, koma suionetsa kwa munthu wothamanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo usayambe ndi kuwala. Yamba ndi mdima, usakanize buluu ndi bulauni, upake mopyapyala, uusiye uume. Kuwala kumabwera pomaliza, kokhuthala, ndipo umakuika kamodzi kokha n'kuchotsa dzanja. Ukamakusisitasisita ndi burashi kumasanduka matope."

Mawanga anapala chinsalu chonse ndi mpeni, misozi ili m'maso, n'kuyambiranso. Utoto wa mafuta suuma msanga. Ukapaka lero umadikira masiku kuti upakenso pamwamba pake, ndipo kudikira ndi kumene mwanayu ankadana nako kuposa masamu. Koma anapirira. Pang'ono ndi pang'ono makoma anatuluka mumdimamo, mazenera anayaka, ndipo basi imodzi inaoneka ngati ikufunadi kunyamuka.

Chinatsala ndi phula la pamsewu. Mayi a Zithunzi anamuletsa kulikhudza. Anati msewu wouma ulibe nkhani, adikire mvula, akauone utanyowa magetsi akuwaliramo, ndipo pokhapo adzadziwa chojambula. Choncho Mawanga ankati akadzuka m'mawa amayamba wayang'ana kumwamba ngati mlimi.

2. Lamulo la chitini

Chipinda chojambuliramo chinali chaching'ono. Khoma limodzi linali la malata, ndipo masana linkatentha moti sukanalitsamira. Kumeneko kunali tebulo lalitali la mabotolo ndi maburashi. Zithunzi zomalizidwa zinkatsamira khoma lina, kudikira eni ake. Pafupi ndi chitseko panali chitini chachikulu cha madzi chokhala ndi chivundikiro.

Utoto wa mtundu umenewu amaufewetsa ndi mafuta ake apadera, achikasu, obwera m'botolo. Wojambula amapukuta burashi ndi manja pansanza, ndipo pofika madzulo nsanzazo zimakhala zitamwa mafuta. Chitini chija chinali cha nsanza zimenezo. Lamulo lake Mawanga analimva tsiku loyamba, asanagwire n'komwe burashi.

"Ine ndimakhululuka zambiri," anatero Mayi a Zithunzi tsiku limenelo. "Ukathyola burashi tigula ina. Ukawononga chinsalu tipala. Koma nsanza imene yamwa mafuta awa usayerekeze kuiunjika ndi zinzake. Mafuta amenewa sauma ngati madzi. Akamauma amatentha. Nsanza imodzi ukaiyanika poyera, kutenthako kumapita ndi mphepo. Koma ukazifinya pamodzi n'kuziponya pakona, kutenthako kumasowa kotulukira, ndipo zimayaka zokha popanda machesi. Usandiyang'ane choncho, si zamatsenga. Kuseri kwa khomali kuli sitolo yodzaza ndi penti ndi parafini. Pamwamba pa sitoloyo pamagona banja la ana ang'onoang'ono. Choncho nsanza iliyonse izilowa m'chitinimu, imire m'madzi, chivundikiro pamwamba. Amene adzasiye nsanza za mafuta zili mulu, kaya ndi waluso chotani, asadzapondenso pakhomo pano. Zimenezi sindibwereza."

Anati sabwereza, koma ankabwereza sabata iliyonse. Mawanga anafika poloweza mawu onse, ndipo kunyumba ankawayeserera mayiwo, manja m'chiuno, achimwene ake n'kumagubuduka ndi kuseka. Achimwene akewo ankaphunzira umakaniko pagalaja ina, ndipo ankadzitenga kuti pa nkhani ya mafuta palibe angawauze kanthu.

3. Botolo losatseka

Loweruka lina kunatentha kuyambira m'mawa. Dzuwa lili paliwombo, Mayi a Zithunzi anati bondo likuwavuta, apita kunyumba kukaligoneka. Anauza Mawanga kuti akamaliza atsuke maburashi n'kukhoma loko wa pachitseko, wongodina uja. Makiyi anapita nawo.

Wojambula aliyense ali ndi chizolowezi chobwerera m'mbuyo kuti aione bwino ntchito yake. Mawanga anaika kuwala pa zenera limodzi la pamwamba pa sitolo ya zitsulo. Kunakhala bwino kwabasi. Anayenda chafutambuyo, maso ali pachithunzi, ndipo chigongono chake chinakumana ndi botolo lalikulu la mafuta, latsopano, limene iye mwini anaiwala kutseka.

Botolo silinasweke. Linangogona cham'mbali n'kumakhuthula. Mmene ankalidzutsa, theka linali litapita. Mafuta anatsika patebulo, anafika pansi, n'kuyamba ulendo wolunjika ku zithunzi za eni ake zija.

Mawanga anatola nsanza zonse za m'chipindamo, malaya akale, ndi zidutswa za nsalu zimene ankatola pansi pa makina a bambo ake. Anapukuta atagwada, thukuta lili kamukamu. Zithunzi zinapulumuka. Pansi panatsala chibanga chonyezimira, koma anakokerapo mpando. Chimene chinalibe kokokera mpando ndi mulu wa nsanza zonona umene unali patsogolo pake.

Apa ndiye pamene mwana ameneyu amandipsetsa mtima. Chitini cha madzi chinali pomwepo, ndipo anachiyang'ana ndithu. Koma nsanzazo zinali zambiri. Zikanadzaza chitini mpaka chivundikiro kukana kukhala, ndipo Mayi a Zithunzi akanadziwa zonse akangotsegula chitseko. Manyazi ndi mantha zinamugwira. Anatenga katoni, anafinyiramo nsanza zonse, anaitseka pamwamba, n'kuikankhira pansi pa tebulo, kukhoma la malata lija. Botolo analibisa kumbuyo kwa anzake. Anati Lolemba adzazitulutsa mwakachetechete mayiwo akadzapita kukatunga madzi.

Atakhoma loko anamva bingu chapatali. Mitambo inali ikuda, ndipo mphepo inkanunkha fumbi lonyowa. Mvula imene anaidikira ija inali panjira. Za nsanza zinachoka m'mutu mwake, ndipo anathamangira kunyumba kukapempha chilolezo chokaona msewu.

4. Pamlatho

Bambo ake sankalola mwana wamkazi kuyenda yekha dzuwa litalowa. Anati apite ndi achimwene ake, ndipo abwere chakudya chamadzulo chisanafike patebulo. Achimwene anadandaula kuti asanduka mlonda wa anthu oyang'ana matope, koma anavala jekete.

Mvula inagwa yamphamvu masana onse, n'kukata dzuwa likulowa. Awiriwo anakwera pamlatho wa oyenda pansi umene umadutsa pamwamba pa msewu waukulu. Kumwamba kunali kusanade, ndipo magetsi anali atangoyaka kumene. Mayi a Zithunzi anali atamuchenjezeratu kuti kanthawi kameneka ndi kakafupi, ukachedwa ndi zina umapeza kapita.

Mawanga anayang'ana pansi, pakamwa pali yasa. Msewu umene ankaudziwa kuyambira ali mwana unali utasintha. Magetsi ofiira a kumbuyo kwa mabasi anatalika pa phula lonyowalo, kutsikira kumene iye anali. Kubiriwira kwa chikwangwani cha sitolo ya mankhwala kunagona m'chithaphwi. Munthu akapondamo kunkaduka, akadutsa n'kulumikizananso. Anaona kuti kuwala kwa pansi sikufika pa kuwala kwa babu lenilenilo, ndipo kulibe malire akuthwa. Anafunafuna pamene panali pakuda bii, sanapapeze.

Anatulutsa kapepala kolimba ndi mapensulo a mitundu, n'kuyamba kujambula mofulumira. Dzanja linkayenda lokha. Achimwene anasuzumira kawiri, kenako anavomera monyinyirika kuti matope ena ndi okongola ndithu.

Kadontho ka mvula yotsalira kanamugwera pamphuno, ndipo anapukuta ndi dzanja. Dzanjalo linali likununkhabe mafuta aja. Pensulo inaima.

Achimwene atamufunsa kuti waona chiyani, anawauza zonse ndi mawu apansipansi, za botolo, za nsanza ndi za katoni. Iwo anaseka.

"Iwe, nsanza n'kuyaka zokha? Kugalaja kwathu nsanza za oilo zimakhala mulu pakona chaka chonse, ine sindinaonepo utsi. Mayi aja amangokuopseza kuti uzisamala m'chipinda. Ndipo taganiza bwino, mlongo wanga. Makiyi ali ndi iwo. Ukapita kukawauza wadzichotsa wekha, ndipo bambo akamva ndiye basi. Jambula msewu wakowo. Lolemba ukazitaya, palibe adzadziwe."

Achimwene sankanama dala. Oilo wa galimoto sauma, choncho satenthetsa nsanza. Mafuta a utoto ndi ena. Koma munthu akadziwa mafuta amodzi amayesa kuti wawadziwa onse, ndipo amalankhula ndi chifuwa chonse.

Mawanga anakweza maso. Kuchokera pamlathopo sitolo ya zitsulo inkaoneka, ndipo pamwamba pake panali zenera lija analijambula masana. Pachithunzi chake linali kadontho kachikasu chabe. Apa munkaoneka mutu wa kamwana kataima pampando, kakulemba ndi chala pagalasi.

Anapinda kapepala kake kosamaliza, anakaika m'thumba la jekete la achimwene, n'kuyamba kutsika masitepe mothamanga. Achimwene anamuitana, anamutchula wamisala, kenako anamutsatira.

5. Kautsi pansi pa tebulo

Nyumba ya Mayi a Zithunzi inali kuseri kwa msika. Wamva m'mimba ndiye amatsegula chitseko. Mawanga anagogoda ndi manja onse awiri, ndipo anawapeza mayiwo atakhala pampando, akusisita bondo ndi mankhwala. Anagwada pakhomo pomwepo.

"Mayi, ndataya mafuta. Ndapukuta ndi nsanza zambiri, ndazibisa m'katoni pansi pa tebulo. Zili momwemo kuyambira masana."

Mayi a Zithunzi sanakalipe. Anangofunsa kuti katoniyo ili kukhoma liti. Atamva kuti ndi la malata anatenga makiyi n'kutuluka, atavala masilipasi osiyana. Bondo lija analiiwala. Achimwene anachita kuwagwira mkono kuti asaterereke m'matope, ndipo panjira anawafotokozera mowefuka mmene mtsikanayo anasiyira ntchito yake pamlatho.

Atafika, panja panalibe chachilendo chilichonse. Chipinda chinali zii. Achimwene anali atayamba kale kunena kuti mwaona, koma loko atatseguka fungo linawalandira pakhomo, lowawa, ngati la chiwaya choiwalika pamoto. Atayatsa getsi anaona kautsi kopyapyala kakutuluka pansi pa tebulo, kakukwawa kutsata malata.

Mawanga anathamangira kuti akaitsegule katoniyo. Mayi anamugwira diresi n'kumubweza. Anati asayerekeze kuivundukula m'nyumba, mpweya ukangolowamo moto udzuka. Anauza mnyamatayo kuti atenge fosholo imene inkakhala kuseri kwa chitseko, ailowetse pansi pa katoniyo pang'onopang'ono, atuluke nayo pabwalo kutali ndi khoma. M'mbali mwa katoniyo munali mutada kale. Achimwene anayenda ngati anyamula mazira, ndipo nthabwala zinali zitawathera.

Atangoitsitsa pabwalo, katoniyo inang'ambika, nsanza zinabalalika, ndipo moto unabuka kufika m'chiuno. Mawanga anali atanyamula kale ndowa imene inali pansi pa denga, yodzaza ndi madzi a mvula. Anathira yonse. Anathamanga kukatunga ina pampopi, anathiranso. Moto unazima. Kunatsala nsanza zakuda zili m'matope, ndi utsi wonunkha.

Mayi a Zithunzi analowanso m'kati. Anagwira kunsi kwa tebulo, kunali kotentha ndi kwamwaye. Anagwira malata, anayang'ana zithunzi chimodzichimodzi. Zonse zinali bwinobwino. Anatuluka n'kukhala pansi pa sitepe yonyowa osasamala za zovala zawo.

Zenera la pamwamba linatseguka. Mayi wa ana aja anasuzumira, thaulo lili paphewa, n'kufunsa kuti ndani akuotcha zinyalala nthawi ino, zovala zake zinunkha utsi. Kumbuyo kwake kunkamveka ana akukana kusamba. Mayi a Zithunzi anapepesa, anati zatha ndipo adzafotokoza mawa. Zenera linatsekeka.

Atatuwo anayang'anana. Achimwene ndiwo anayamba kuseka, ndipo mayiwo nawo anaseka. Mawanga analira. Sikunali kulira kwa chisoni ayi. Ana aja anali moyo, akukangana ndi sopo, osadziwa kanthu, ndipo chifuwa chake chinamasuka mpaka sanathe kudzigwira. Palibe anamuletsa. Achimwene anavula chipewa n'kulengeza kuti kuyambira tsiku limenelo, za mafuta azifunsa kaye.

6. Maburashi m'manja

Atapukuta misozi, Mawanga analowa m'chipinda osauzidwa ndi munthu. Anatenga maburashi ake n'kuwakulunga mu epuloni. Chithunzi chake sanachiyang'ane, poopa kuti aliranso. Anabwera kudzaima pamaso pa Mayi a Zithunzi, anathokoza chifukwa cha zonse zimene anamuphunzitsa, n'kunena kuti lamulo akulidziwa.

Mayiwo anamulozera pa sitepe kuti akhale.

"Botolo lija likanandipweteka tsiku limodzi. Ndikanakalipa, mwina ndikanakutchula mbuzi, mawa lake tikanaiwala. Madzi akatayika saoleka, ndipo palibe wojambula amene sanatayepo mafuta. Chimene chinafuna kuotcha ana a eni ake si botolo, ndi kubisa kwako. Unaopa nkhope yanga kuposa moto. Zimenezo zandiwawa, ndipo usaganize kuti poseka paja ndaiwala. Koma ndi angati akanatsika pamlatho paja? Unkadziwa kuti ukagogoda pakhomo panga wataya malo ako, ndipo unagogoda. Lamulo lija ndinaliika kuti nyumba isapse. Ndikakuthamangitsa lero, ndiye kuti ndaphunzitsa mwana aliyense wobwera pambuyo pako kuti akalakwa azikhala chete. Pamenepo ndiye nyumba idzapsadi. Kabweze maburashiwo pamalo pake."

Mawanga anamva ngati wina wamutula mtolo pamutu. Anagwira dzanja la mayiwo ndi manja ake awiri.

Chilango chinalipo, musaganize kuti anatuluka waulere. Mwezi wonse sakhudza chithunzi chake. Azikolopa pansi ndi sopo mpaka chibanga chija chichoke, azitsuka maburashi onse, azisintha madzi a m'chitini. Mawa lake apita limodzi kwa a sitolo ndi kwa banja la pamwamba kukanena zoona zake. Msewu wonyowa adzaujambula mvula ina ikadzagwa. Mawanga ankangovomera chilichonse. Akanauzidwa kukolopa msewu wonse akanavomeranso.

Koma Mayi a Zithunzi anati lamulo lawo alimasula, latsala la bambo ake a mtsikanayo. Anatola nsanza zopserera zija n'kuzimiza m'ndowa, anakhoma chitseko, n'kunena kuti awaperekeza kunyumba. Tsopano bondo linali litakumbuka kupweteka, moti anayenda pang'onopang'ono atatsamira mkono wa mnyamata uja. Pakona ina anaima, analoza chithaphwi cha pansi pa getsi, n'kumufunsa Mawanga kuti akuona mitundu ingati. Atatchula itatu mayiwo anamuuza kuti ayang'anenso, sanathe.

Atayandikira kwawo, achimwene anamunong'oneza kuti akhoza kunena kuti anadutsa pamene anthu ankaotcha matayala. Mawanga anapukusa mutu.

Anapeza bambo ataima pakhomo la shopu yawo, tepi yoyezera ili m'khosi. Chakudya chinali chitazizira kale. Anayang'ana ana awo, anayang'ana mlendo amene anabwera nawo, kenako ananunkhiza.

"Utsi umenewu ndi wakuti?"

"Mwana wanu afotokoza yekha, bambo," anatero Mayi a Zithunzi. "Ine ndabwera ndi pempho limodzi. Akamaliza kulankhula, mundilole ndimuonenso Lolemba. Ana odziwa kujambula ndakumana nawo ambiri. Wotere ndi woyamba."

Bambo anawalowetsa m'shopu. Anachotsa nsalu pampando wa makasitomala n'kuwapatsa mayiwo. Anazimitsa wailesi, chinthu chimene sankachita ngakhale kukabwera apongozi awo. Kenako anakhala kuseri kwa makina, anapinda manja, n'kumuyang'ana mwana wawo wamkazi.

"Yamba poyambira," anatero.